Kusankha Drill ya Batire Yoboolera Makoma ku Kabudula

Nyumba ya masiku ano m'madera a Kabudula, Nsaru, Namitete, Mpingu ndi Nambuma siyesedwanso yotha pamene malata akhomedwa ndipo zitseko zaikidwa, chifukwa mwini wake amafunanso mabagala m'mawindo, zitsulo zokolekapo makatani, mashelefu a m'golosale, dishi ya kanema pakhoma, ndiponso bokosi ndi mawaya a magetsi a dzuwa, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimafuna bowo loongoka, la muyezo wake, m'njerwa, m'buloko kapena m'konkire. Ntchito zotere zimachuluka kuyambira mwezi wa Epulo mpaka mvula itayandikira, pamene alimi agulitsa fodya ku Kanengo ndipo ndalama za soya ndi mtedza zili m'manja, ndipo ndi nthawi yomweyi pamene mmisiri wodalira tchizulo ndi hamala amaonekera kuti watsalira, popeza amachedwa, amagumula pulasitala malo aakulu kuposa bowo limene amafuna, kenaka amawononga simenti pomata pamene wagumulapo. Pa chifukwa chimenechi drill ya batire yasanduka chida chimene omanga, owotcherera, akalipentala ndi amisiri a zamagetsi amachilakalaka, ngakhale kuti ambiri amaigula pongoona nambala yaikulu yolembedwa pa katoni, asanadzifunse mafunso awiri amene ali enieni, akuti khoma limene adzaboole ndi lotani, ndipo batire adzalitchaja kuti.

Kuti drill yoyendera batire ndiyo yoyenera dera lino sikufuna mtsutso wautali. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse n'zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ngakhale kuti ndondomeko ya MAREP yafikitsa mapolo a ESCOM m'misika yambiri ya kumidzi, nyumba imene ikumangidwa kumene kawirikawiri imakhala isanalumikizidwe, ndipo ngakhale pamene mita ilipo, magetsi sadalirika, monga anthu anaonera mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Jenereta imathandiza, koma imafuna petulo ndiponso njinga yoinyamulira. Drill yoyamba ya batire inatulutsidwa ndi kampani ya Black & Decker mu 1961, koma kwa zaka zambiri zida zotere zinali zofooka pa ntchito ya makoma, mpaka pamene mabatire a lithiamu anayamba kulowa m'zida za amisiri cha m'ma 2005, ndipo kuyambira pamenepo kusiyana kwa mphamvu pakati pa drill ya chingwe ndi ya batire kwakhala kukuchepa chaka ndi chaka.

Pali mitundu iwiri ya makina imene ogulitsa ambiri amaitchula ndi dzina limodzi lakuti hammer drill, ndipo kusaisiyanitsa ndiko kumatayitsa amisiri ndalama. Mtundu woyamba ndi drill wamba imene yawonjezeredwa mbali yomenya. M'kati mwake muli timbale tiwiri tachitsulo ta mano, kamodzi kozungulira ndi kena kokhazikika, ndipo mmisiri akakankha drill kukhoma, mano a kambale kamodzi amakwera ndi kutsika pa mano a kanzake, kotero kuti biti, kamene ndi kachitsulo koboolera kaja, imagogoda khoma uku ikuzungulira. Kugogodaku kumachitika maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi, koma kulikonse n'kopepuka, ndipo mphamvu yake imadalira mmene mmisiri akukankhira. Drill yotere ili ndi kamwa lomanga ndi dzanja lolandira mabiti mpaka mamilimita 13, imaboola matabwa ndi zitsulo, imamanga masikuluwu, ndipo imaboolanso njerwa. Mtundu wachiwiri, umene umatchedwa rotary hammer kapena SDS, umagwira ntchito mwa njira ina kotheratu, chifukwa mota imayendetsa pisitoni imene imapanikiza mpweya m'kachubu, mpweyawo n'kuponya kachitsulo kolemera kamene kamamenya kumbuyo kwa biti. Kumenyaku kumachitika maulendo 4,000 kapena 5,000 okha pa mphindi, koma kulikonse n'kwamphamvu, ndipo kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa joule, moti makina ambiri a batire limodzi amafika pafupifupi ma joule awiri. Makinawa safuna kukankhidwa mwamphamvu, ndipo mmisiri amene amawatsamira ndi thupi lonse amangochedwetsa ntchito ndi kutha batire.

Zilembo za SDS zimanena za mmene biti imagwiridwira. Njirayi inayambitsidwa ndi kampani ya Bosch mu 1975, ndipo tsinde la biti limakhala ndi mizere yolowa m'kati imene imailola kutsetsereka kutsogolo ndi m'mbuyo popanda kuzuka kapena kuterereka pozungulira. Mtundu wa SDS-plus, wa tsinde la mamilimita 10, ndiwo woyenera ntchito za nyumba, pamene SDS-max, wa tsinde la mamilimita 18, ndi wa makontrakitala ogumula konkire yochindikala. Chofunika kukumbukira n'chakuti mabiti a SDS salowa bwino m'kamwa la drill wamba, ndipo mabiti wamba salowa m'makina a SDS popanda kamwa lina logula padera, kotero kuti wosankha makina wasankhiratu mabiti amene azidzagula.

Tsono funso la khoma. Makoma a m'midzi ya kwa Kabudula si amtundu umodzi, ndipo nthawi zina nyumba imodzi imakhala ndi mitundu itatu. Pali zidina, njerwa zosawotcha, zimene biti imalowamo ngakhale mbali yomenya itazimitsidwa, koma vuto lake n'lakuti pulagi, kapulasitiki kamene amisiri ambiri amakatchula fisha ndipo kamafutukuka m'bowo sikuluwu ikamalowa, sigwira m'dothi. Pakhoma lotere chinthu cholemera chimafuna bawuti yopyoza khoma lonse, yokhala ndi kachitsulo kotambalala kuseri, ndipo palibe drill yodula imene ingasinthe zimenezi. Pali njerwa zowotcha za m'uvuni wa kumudzi, zimene ndizo zofala kwambiri, ndipo zimenezi zimasiyana kulimba malinga ndi malo amene zinali m'uvunimo. Njerwa ya m'mphepete, yofiira motuwa, imene moto sunaifike bwino, imafumbutuka msanga, ndipo ikamenyedwa ndi makina a SDS bowo la mamilimita 8 limasanduka la mamilimita 10, pulagi n'kumangozungulira m'kati. Njerwa ya pafupi ndi ngalande ya moto, yakuda ndi yopserera, imene imalira ngati chitsulo ikagogodedwa, imalimba mwakuti biti yotchipa imafiira nsonga isanalowe theka. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba bowo lililonse mbali yomenya ili yozimitsa, amapyola pulasitala mofatsa, amayang'ana mtundu wa fumbi limene likutuluka, ndipo amayatsa kumenya pokhapokha biti ikaima. Fumbi lofiira limamuuza kuti ali m'njerwa, lotuwa kuti ali m'simenti, ndipo dothi lofewa lotuluka mosavuta limamuchenjeza kuti wagwera pamzere wa matope omangira, pamene sikuluwu singagwire, kotero ayenera kusuntha pang'ono kuti apeze pakati pa njerwa.

Mabuloko a simenti akuchuluka, makamaka kuchokera mu 2018 pamene boma, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Masukulu, zipatala zazing'ono ndi nyumba zosungiramo mbewu zimene zikumangidwa tsopano m'derali kawirikawiri zimakhala za mabuloko, ndipo buloko ili ndi khalidwe lakelake, chifukwa m'kati mwake ndi mwa mphako ndipo khungu lake n'lopyapyala. Kumenya kwamphamvu kumaswa khungulo kuseri pamene biti ikutulukira m'mphako, ndipo malo ogwira pulagi amachepa ngakhale kuti kunja bowo likuoneka labwino. Apanso drill wamba yomenya mopepuka ndiyo imachita bwino. Pamene imalepherera ndi pa konkire yeniyeni, ya miyala ya kwale ndi zitsulo, monga ya bimu yozungulira pamwamba pa makoma, ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ya zipilala, ndi ya silabu yokhazikapo thanki la madzi. Pamenepo biti ikakumana ndi mwala wa kwale, kugogoda kopepuka kuja sikuuswa, nsonga imatentha, batire limatha pa mabowo ochepa, ndipo mmisiri amatsala ndi mapewa owawa. Bowo limene drill wamba imalimbana nalo kwa mphindi zingapo, makina a SDS amalimaliza m'kanthawi kochepa.

Kuchokera pa zimenezi chiweruzo chimaoneka. Kalipentala, woika makatani ndi madishi, ndi wowotcherera amene amaika mabagala m'nyumba za njerwa, amathandizidwa kwambiri ndi drill wamba yomenya, popeza chida chimodzi chimamuboolera thabwa, chitsulo ndi khoma. Koma womanga kapena wa zamagetsi amene amalandira ntchito za masukulu, matchalitchi ndi mashopu a pa Nsaru kapena pa Namitete, amene sabata siitha asanakumane ndi bimu, akagula drill wamba yokha wadzigulira mavuto, ndipo adzaipsereza isanabweze ndalama yake.

Nkhani ya batire ndiyo imene ogula amanamizidwa nayo kwambiri, ndipo ndiyofunika kuifotokoza mwatsatanetsatane. M'kati mwa batire la drill muli timabatire tating'ono tozungulira, tambiri mwa ito ta mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, ndipo kalikonse kamapereka mavoliti pafupifupi 3.6. Tisanu tikalumikizidwa motsatana timapereka mavoliti 18. Timabatire tomweti tikangochoka pa tchaja timafika pafupifupi mavoliti 4 kalikonse, ndipo n'chifukwa chake makampani ena amalemba 20V pa batire limene ena amalemba 18V, pamene m'kati mwake ndi chimodzimodzi. Wogulitsa amene akunena kuti drill ya 20V imaposa ya 18V mwina sakudziwa, mwina akufuna kugulitsa. Choipa kwambiri ndi makina opanda dzina lodziwika amene amalembedwa manambala monga 48V, 88V kapena kuposa apo, pamene batire lake ndi laling'ono lokwana m'dzanja, chifukwa timabatire tisanu sitingapereke mavoliti amenewo, ndipo kampani imene yanama pa nambala yoyamba siyenera kukhulupiriridwa pa manambala otsalawo.

Nambala yachiwiri, yolembedwa Ah, ndiyo imanena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, ndipo ikachulukitsidwa ndi mavoliti imapereka muyezo weniweni wa ntchito imene batirelo lingagwire, wolembedwa Wh. Batire la mavoliti 18 la 2Ah limasunga 36Wh, pamene la 5Ah limasunga 90Wh. Kawirikawiri batire la 2Ah limakhala ndi mzere umodzi wa timabatire tisanu, pamene la 4Ah kapena 5Ah limakhala ndi mizere iwiri, timabatire 10, ndipo limalemera kupitirira theka la kilogalamu. Ichi ndi chinthu chimene wogula angachiyese m'shopu momwemo: batire lolembedwa 5Ah kapena 6Ah koma lopyapyala ndi lopepuka ngati la 2Ah liyenera kukayikiridwa. Mizere iwiri ili ndi ubwino winanso, wakuti katundu amagawanika, batire silitentha msanga, ndipo drill siifooka pakati pa bowo. Pa ntchito ya makoma batire lochepera 4Ah limakhumudwitsa, ndipo mabatire awiri ndiwo chiyambi, kuti lina lizikhala pa tchaja pamene lina lili pantchito.

Kuwonjezera apo, kampani iliyonse ili ndi kalumikizidwe kake, moti batire la Makita silikwana pa Bosch, ndipo la DeWalt silikwana pa Ryobi kapena pa Ingco. Popeza mabatire awiri ndi tchaja nthawi zambiri amadula mofanana ndi drill yeniyeniyo, kapena kuiposa, wogula drill yoyamba amakhala wasankha kampani imene adzagulako galainda, sowo ndi tochi m'zaka zikubwerazo. N'kwanzeru tsono kufunsa, ndalama isanatuluke m'thumba, ngati batire la mtunduwo limagulitsidwa palokha m'mashopu a hadiweya a mumzinda wa Lilongwe, monga a mu msewu wa Malangalanga, chifukwa drill yabwino imene batire lake silipezeka m'dziko muno imatha ntchito tsiku limene batire lafa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi zida zimene achibale amatumiza kuchokera ku Joni, kapena zogulidwa zakale, zimene thupi lake limakhala lolimba koma batire lili lotopa. Zochokera ku America zili ndi vuto lina, lakuti kawirikawiri tchaja yake inapangidwira magetsi a mavoliti 120 okha, ndipo imapsa ikalumikizidwa ku magetsi a kuno a mavoliti 230.

Kumene batire lidzatchajidwe ndi funso limene mabuku a makampaniwa saliganizira, popeza analembera anthu a magetsi osazima. Mmisiri wa pamsika pamene pali ESCOM atha kutchaja usiku kunyumba kapena kulipira pa shopu yotchajira mafoni. Wa kumudzi wodalira dzuwa ayenera kuwerengera bwino. Timasola tating'ono toyatsira mababu atatu ndi kutchaja foni sitingakwanitse. Batire lalikulu la sola la mavoliti 12 ndi 100Ah limasunga 1,200Wh, ndipo ngati ndi la mtovu ndi asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, kotero kuti kudzaza mabatire awiri a 90Wh tsiku lililonse n'kotheka bola mapanelo akhale okwanira kubwezeretsa motowo masana. Pakati pa batire la sola ndi tchaja pamafunika invetala, makina osandutsa moto wa batire kukhala wofanana ndi wa ESCOM, ndipo apa pali msampha, chifukwa mainvetala otchipa amatulutsa moto wodumphadumpha umene umatenthetsa ndi kuwononga matchaja ena, pamene olembedwa pure sine wave amatulutsa moto wosalala umene tchaja inapangidwira. Matchaja othamanga ena amakoka mawati oposa 200, choncho invetala iyenera kukhala yoposa pamenepo. Kutentha nakonso ndi mdani wa lithiamu: batire losiyidwa padzuwa la mu Okutobala, kapena pafupi ndi malata masana, limakalamba msanga, ndipo lotentha chifukwa cha ntchito liyenera kuzizira kaye lisanaikidwe pa tchaja. Batire lotupa, losweka kapena lonyowa ndi mvula siliyenera kutchajidwanso, makamaka m'nyumba ya udzu kapena pafupi ndi chigafa cha fodya, chifukwa moto wa lithiamu ukayaka suzimitsika msanga.

Za mota zinganenedwe mwachidule. Mota yakale imakhala ndi timakala tiwiri totchedwa mabulashi timene timatha ndi kusinthidwa, pamene yatsopano, yolembedwa brushless, ilibe timakalato, siitentha kwambiri ndipo imaboola mabowo ochuluka pa batire lomwelo. Kwa munthu wotchaja movutikira ubwino umenewu ndi waukulu, ngakhale kuti mota ya mabulashi ili ndi pake poiyamikira, popeza wokonza mawailesi ndi majenereta wa pamsika atha kuikonza, pamene ya brushless ikapsa kabokosi kake koyendetsera imafuna chipangizo chochokera kutali. Kamwa lachitsulo limalimba kuposa lapulasitiki likamakhudzana ndi khoma, magiya awiri amalola liwiro lochepa pomanga masikuluwu ndi lalikulu poboola njerwa, ndipo chogwirira cha pambali sichiyenera kuchotsedwa, chifukwa biti ikakodwa pa chitsulo cha m'konkire drill yonse imazungulira mwadzidzidzi n'kupotokola dzanja, chinthu choopsa kwa munthu amene ali pa makwerero.

Biti yoipa imanyozetsa drill yabwino. Biti ya khoma imakhala ndi kachitsulo kolimba kwambiri, kotchedwa tungsten carbide, kowotchereredwa kunsonga, ndipo sicheka monga ya thabwa koma imaphwanya ndi kupera, fumbi n'kumakwera m'mizere yake yopotana. Mabiti a mamilimita 6, 8 ndi 10 ndiwo amagwira ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, ndipo ayenera kufanana ndi nambala yolembedwa pa pulagi. Poboola, biti iyenera kutulutsidwa pang'ono nthawi ndi nthawi kuti fumbi lichoke, ndipo yotentha isamizidwe m'madzi, popeza nsonga imang'ambika. Bowo likatha, fumbi lotsalira m'kati lichotsedwe pulagi isanalowe, apo ayi imagwira pa fumbi m'malo mwa khoma. Ndipo m'nyumba imene muli kale magetsi, mmisiri asaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi, chifukwa mapaipi a mawaya amadutsa m'mizere imeneyo pansi pa pulasitala.

Fumbi limeneli ndi nkhani ya moyo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amisiri ambiri amalipuma tsiku lonse popanda chotchinga. Njerwa, mchenga ndi konkire zili ndi silika, timiyala tosaoneka ndi maso timene tikalowa m'mapapo sitituluka, koma timapanga zipsera zimene zimabanikitsa munthu patapita zaka, ndiponso zimatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Matendawa si achilendo m'dziko muno, popeza ndi omwe anavutitsa amuna ambiri amene anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Theba. Fumbi la drill ndi lochepa poyerekeza ndi la m'mgodi, koma limatuluka pafupi ndi mphuno, kawirikawiri m'chipinda chotseka, ndipo kansalu komanga kukamwa sikaligwira monga imachitira masiki yolembedwa FFP2 kapena N95. Phokoso la kumenya limapitirira madesibelo 85, muyezo umene akatswiri amati ukapitiriridwa kwa maola ambiri makutu amayamba kugontha, ndipo magalasi oteteza maso ndi ofunika kwambiri poboola m'mwamba. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja, monga Namitete Technical College ndi zina zimene zili pansi pa TEVETA, zili ndi mwayi wozoloweretsa achinyamata zimenezi asanatengere chizolowezi cha akuluakulu awo.

Mtengo wa zida zonsezi umatsatira ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa mtengo pakati pa zida za makampani akale monga Makita, Bosch ndi DeWalt ndi za makampani otsikirapo monga Ingco ndi Total kwakhala kolemera m'thumba la mmisiri wa kumudzi. Zotsikirapozi si zachinyengo, ndipo kwa munthu woboola mabowo ochepa pa tsiku m'njerwa zimakwanira. Zoyenera kuzipewa ndi zabodza zovala mtundu ndi dzina la kampani yotchuka, zimene zimadziwika ndi mtengo wotsika modabwitsa, zilembo zosindikizidwa mosalongosoka, ndi wogulitsa wokana kupereka lisiti. Wogula apemphe kuti drill iyatsidwe m'shopu momwemo, amange biti yaitali n'kuona ngati nsonga ikuzungulira moongoka kapena ikugwedezeka, ayese magiya onse ndi mbali yomenya, aike batire pa tchaja kuti aone ngati ikulilandira, ndipo afunse kuti chikawonongeka m'miyezi yoyamba chidzabwezedwa kuti. Amene amakumana ndi konkire mwa apo ndi apo sakufunika kugula makina awiri nthawi imodzi, chifukwa atha kuyamba ndi drill wamba ya mavoliti 18 ndi mabatire awiri a 4Ah, n'kumabwereka ya SDS kwa mnzake molipira pa tsiku limene ntchito ya bimu yapezeka, kenaka n'kudzagula thupi lokha la SDS la kampani yomweyo, lopanda batire ndi tchaja, limene limatsika mtengo kwambiri popeza mabatire ali nawo kale.